Chisankho Chimene Mayi Anesi Anadzala Kuseri kwa Nyumba

Mayi Anesi anafika kuno ku Thyolo ali namwali, atasenza mphasa ndi kathumba ka nandolo, pothawa chikoti cha Apwitikizi kuseri kwa phiri la Mulanje. Iwo ankakonda kunena kuti anathawa chikoti n'kudzapeza belu. Belu la pa esiteti linkalira nkhuku zisanatsike mumtengo, ndipo aliyense womanga nyumba pa dothi la mzungu ankalipira malowo ndi msana wake. Ndiyo thangata ija. Ine ndinawadziwa ali kale amasiye, tikutchola tiyi mzere umodzi, iwo patsogolo, ine pambuyo.

Anabereka ana asanu, koma amene anakula ndi Teleza yekha. Kwathu kuno mtundu umayenda ndi mwana wamkazi. Mwamuna amabwera kudzamanga kwa mkazi, amakhala mkamwini, ndipo adzukulu amabadwira pabwalo la agogo awo aakazi. Choncho kwa Mayi Anesi, Teleza sanali mwana chabe. Anali mudzi wonse umene ankauyembekezera.

Mu 1930 Teleza anakwatiwa ndi Amosi wa ku Goliati, munthu wosema mipini, wosayankhulayankhula. Vuto linali lakuti mzungu wa pa esiteti yathu anali atakana akamwini ochokera kunja. Manja ankawafuna, koma nyumba zatsopano ayi, chifukwa pamene pakanaima nyumba iye ankaonapo mizere ya tiyi. Mtsikana akakwatiwa ndi wakunja, ankayenera kumanga katundu n'kutsata mwamuna, amake n'kutsala okha. Kapitawo wathu, a Dickson, anafika pabwalo la Mayi Anesi ndi ndodo yawo kukhwapa.

"Amake Teleza, mlendo wanuyu achezeko, sindikana," anatero a Dickson. "Koma Novembala akatha ndisamuonenso. Ndikapeza mtengo umodzi wozika, ndizula ndi manja angawa."

"Inuyo a Dickson, kwa akazi anu munalowa ndi chilolezo cha ndani?" anafunsa Mayi Anesi.

"Nthawi imeneyo tiyi anali asanafike kumeneko," anayankha a Dickson, n'kumapita.

Chiyembekezo chinalipo chimodzi, ndipo chinkakumana pabwalo la Mayi Anesi pomwepo. Amuna a pa esiteti anali atayambitsa bungwe, monga ankachitira anzawo m'madera ena zaka zimenezo. Cholinga chake chinali chimodzi: kusankha munthu woti akayankhule za akamwini pamaso pa bwana wa ku boma, amene ankabwera kudzamva madandaulo Khirisimasi isanafike. Ankakumana kwa Mayi Anesi chifukwa panali mtengo wa mango wa mthunzi wabwino, komanso panalibe mwamuna woti n'kukhala mbali ya wina.

Pakuti mbali zinalipo ziwiri, ndipo anthu ankazitcha zipani. China chinali cha a Stewart, kalaliki wa pa sikelo, wa mpingo wa Sabata, wophunzira ku Makwasa. Ankayeza tiyi mlungu wonse koma kumwa ayi, amati ndi wodetsa thupi. China chinali cha Che Kasimu, Msilamu woyendetsa ngolo ya ng'ombe, amene ankatenga mabokosi a tiyi kupita nawo ku siteshoni ya Luchenza, n'kubwerako ndi mchere, nsalu ndi mphekesera. Otchola tiyi ambiri, opemphera Lamulungu, anagawikana pakati pa awiriwa, ngakhale sankakhulupirira aliyense wa iwo. Mkulu wina wokumba ngalande anati: "Wina amatibera pa sikelo, wina pa mchere. Tingosankha ngati tikufuna mbala yodziwa Chingerezi kapena mbala yodziwa njira ya ku boma."

Bungwe lisanasankhe munthu, linafuna malamulo ake, amene a Stewart ankawatcha konsitichushoni, akumatchula mawuwo pang'onopang'ono ngati akumeza mankhwala. Malamulowo anatenga zaka ziwiri. Anakangana za woyamba kupemphera, mpaka anagwirizana kuti aliyense azipemphera chamumtima. Anakangana za amene akhale pa mpando umodzi wokha umene unalipo, mpaka mpandowo unangoikidwa pakati wopanda munthu. Mwezi wathunthu anakangana ngati munthu wosinza ali pamsonkhano kapena ayi.

Pa zaka ziwiri zimenezo, panalibe amene anafunsa kuti bwalo limasesedwa ndi yani. Mayi Anesi akaweruka ku tiyi ankatsetsereka kumtsinje kawiri katatu, chifukwa a Che Kasimu ankafuna madzi osamba m'manja ndi kumapazi asanaswali. Thobwa ankaphika mitsuko iwiri: wa tsiku lomwelo wa anthu a Sabata, amene ankaopa chilichonse chowawasa, ndi wogonera wa ena onse, amene ankaopa chilichonse chosawawasa. Chinangwa chinkachokera m'munda mwawo. Mphasa zinkang'ambika, iwo n'kusoka. Amuna pobalalika ankathokozana okhaokha chifukwa cha msonkhano wabwino.

A Dickson atapereka chenjezo lija, Mayi Anesi anaika mtsuko wa thobwa pansi pakati pa msonkhano, koma osabwerera kukhonde.

"Abambo inu, nanga za Amosi?"

"Mayi, nkhani imeneyo ili m'njira," anatero a Stewart. "Nyumba siyambira denga. Ndiponso lamulo lachinayi likuti amayi sayankhula pamsonkhano."

"Nanga loti amayi azitunga madzi ndi lachingati?"

"Limenelo silifuna kulemba, achemwali," anatero Che Kasimu, ndipo kwa nthawi yoyamba zipani ziwiri zinaseka pamodzi.

Komabe manyazi anawagwira pang'ono, moti anaika tsiku la chisankho. Kukweza manja anakana, chifukwa otchola tiyi ankaopa kuti a Stewart akawaona adzawapepusira dengu pa sikelo. Ndiye anagwirizana zoponya mbewu. Mwamuna aliyense atenge njere ya chimanga ndi njere ya nandolo, apise dzanja mumtsuko wovundikira ndi nsalu, agwetsemo imodzi. Chimanga ndi a Stewart, nandolo ndi Che Kasimu. Mtsuko unali wa Mayi Anesi, nsalu inali yawo, mbewunso zinatapidwa m'chikwatu chawo, wina osafunsa n'komwe.

Anaponya Lachinayi ataweruka. Amuna anali ambiri, ndipo aliyense ankachedwetsa dzanja mumtsukomo kuti anzake aone kuti akuganiza mozama. Pomaliza chisisira chinali chitagwa.

"Mumdima muno sitiwerenga," anatero Che Kasimu. "Zala za kalaliki ndimazidziwa."

"Ndipo ine ndimadziwa manja a malaya a wogulitsa mchere," anatero a Stewart.

Pomwepo anapanga lamulo lomaliza, limene onse analivomera mokondwa. Mtsuko utsegulidwe dzuwa lili pamutu, mbali zonse zilipo, ndipo lisakhale tsiku la mapemphero la munthu aliyense. Anaumata kukamwa ndi dothi, atsogoleri awiriwo n'kudinda zala zawo padothipo. Wousunga anakhala Mayi Anesi, pakuti iwo sanaponye nawo, ndipo panalibe amene ankaganiza kuti angakhale ndi maganizo.

M'mawa mwake munali Lachisanu, a Che Kasimu anapita ku mzikiti. Loweruka linali Sabata. Lamulungu linali Lamulungu. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, dzuwa likakhala pamutu mwamuna aliyense ankakhala m'munda wa tiyi, a Dickson ali kumbuyo kwake. Zinawatengera milungu iwiri kuti azindikire kuti amanga khola lopanda khomo. Ena anati lamulolo lisinthidwe. A Stewart anati lamulo lingasinthidwe ndi mtsogoleri wosankhidwa yekha. Mtsogoleriyo anali mumtsuko.

Misonkhano inachuluka, thobwa n'kumachepa. Teleza anayamba kuchapa nsalu zake zabwino ndi kuzipinda. Tsiku lina tikutchola tiyi, Mayi Anesi anandiuza kuti usiku amamva anankafumbwe akuyenda mumtsukomo.

"Akudya a Stewart," anatero. "Akamaliza ayamba Che Kasimu."

Mvula yoyamba inagwa Novembala ali pakati. Kutacha, belu lisanalire, Mayi Anesi anatuluka ndi mtsuko uja pamutu n'kukautula pa kamunda kawo kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa njira imene anthu onse ankadzera popita ku ntchito. Anali ataitana akazi a Stewart, a Salome, ndi akazi a Che Kasimu, a Zuwena. Ine ndinalipo ndi khasu, Teleza ndi lichero. Amuna atayamba kudutsa ndi madengu kumsana, Mayi Anesi anamenya mtsukowo ndi chidendene cha khasu, mbewu n'kukhuthukira m'lichero.

A Stewart anathamanga kolala ili m'manja. "Mayi! Mwaswa konsitichushoni!"

"Ndaswa mtsuko wanga," anatero Mayi Anesi. "Mbewu ndi zanga, mvula ndi ya Mulungu. Tidzala njere imodzi pa phando limodzi. Zikamera, wa Lachisanu adzawerenge Loweruka, wa Loweruka adzawerenge Lamulungu. Munda suthawa, ndipo ulibe manja a malaya."

"Tidziwa bwanji kuti simunawonjezeremo zanu?" anafunsa Che Kasimu, amene anali ataimitsa ngolo panjira.

"Dothi la zala zanu ilo, lili pa phale. Komanso mwamwa thobwa langa zaka ziwiri osafunsa ndathiramo chiyani. Lero ndiye mwakumbuka kuopa?"

A Zuwena anawerama n'kuyamba kudzala, maso ali pa manja a Salome. A Salome nawo anadzala, maso ali pa manja a Zuwena. Belu linalira. Amuna anayang'ana munda, anayang'ana kumene kunkachokera mawu a Dickson, n'kuthamangira ku tiyi akutukwana chotsitsa.

Madzulo ake msonkhano unapeza kuti palibe lamulo loletsa kudzala chisankho, chifukwa panalibe amene anaganizirapo. Koma kutacha anapeza mapando angapo atafukulidwa. Zinali nkhanga, mapazi ake ankaoneka bwinobwino. A chipani cha Stewart anati nkhanga zimenezo zimavala mkanjo. A chipani cha Kasimu anati nkhanga zimenezo zimapuma Loweruka. Panafunika mlonda.

Apa ndi pamene bungwe linagwira ntchito yoganiza. Mlonda asakhale wa Sabata. Asakhale Msilamu. Asakhale woti anaponya nawo mbewu. Asakhale ndi m'bale pa sikelo kapena pa ngolo. Anatchula mayina a pa esiteti yonse, lililonse likugwa. Mayi Anesi anali pakhonde akusenda chinangwa, atatseka pakamwa monga mwa lamulo lachinayi. Chapatali pang'ono, Amosi anali atakhala pa chitsa, kumbuyo atalozetsa kwa apongozi ake monga mwa ulemu, akupala mpini. Iye sankakonda kukhala pamenepo. Masana omwewo Mayi Anesi anali atauza Teleza mokweza, Amosi ali pomwepo: "Uwauze amuna ako kuti mthunzi wabwino wosemera mipini uli pa chitsa paja."

"Nanga uyo?" anatero mkulu wokumba ngalande uja.

"Uyo ndi wakunja," anatero a Stewart. "Si wa pa esiteti pano n'komwe."

Onse anatembenukira kwa Amosi, atamva okha zimene anena.

"Achimwene," anaitana Che Kasimu, "pakati pa chimanga ndi nandolo mumakonda chiti?"

"Chimene chapsa," anatero Amosi.

Anamusankha onse, popanda mtsuko.

Mlonda amafuna chilindo, kamsasa kobisalamo mvula poyang'anira munda. A Stewart anatumiza anthu awo ndi nsichi zowongoka. Che Kasimu atamva, anaopa kuti mlonda angakondere amene wamupatsa pogona, ndiye anabweretsa ngolo yodzaza udzu. A Stewart anawonjezera chitseko cha matabwa a mabokosi a tiyi. Che Kasimu anabwera ndi loko wa ku Luchenza. Kuponda dothi, kumata makoma ndi kuzira pansi, zimenezo zinagwera ife amayi, titaweruka ku tiyi, ndipo m'nkhani za bungwe zinkangotchulidwa kuti chilindo chamatidwa. Ntchito imeneyi yokha ndiyo ndinaona Mayi Anesi akuigwira akuimba. Pomatha mlungu, chilindocho chinali ndi chipinda, khonde, ndi Teleza mkati mwake.

Novembala atatha, a Dickson anabwera ndi ndodo yawo ndi anthu awiri a zikwanje. Anazungulira chilindocho, n'kugogoda chitseko ndi ndodo.

"Amake Teleza, ichi n'chiyani?"

"Funsani eni ake. Ine ndine wa madzi."

Mbiri inali itafika kale kumizere ya nyumba, ndipo zipani zonse ziwiri zinathamangira kumundako. A Dickson anali mlamu wa a Stewart, ndipo aliyense ankadziwa njere imene anagwetsa mumtsuko.

"Eya, zaoneka!" anafuula Che Kasimu. "Chimanga chamera chochepa, ndiye mwatuma mlamu adzathamangitse mlonda kuti muzule nandolo wanga!"

"Bodza!" anatero a Stewart, thukuta lili chuchuchu. "Alamu, chonde, bwezani zikwanjezo. Mukamuchotsa munthuyu, ngakhale ndipambane adzati ndinaba."

"Nanga mzungu ndikamuuza chiyani? Iyi ndi nyumba."

"Ndi chilindo," anayankha a Stewart ndi Che Kasimu pamodzi, kenako n'kuyang'anana monyansidwa.

"Chilindo cha loko?"

"Nkhanga za kuno n'zochenjera, akapitawo," anatero mkulu wa ngalande.

A Dickson anayang'ana khamulo. Anali anthu omwewo amene ankafunika kuwadzutsa m'mawa mwake, nyengo imene tiyi amaphuka kuposa manja omutchola. Anakanda m'mutu ndi ndodo.

"Iwe wa ku Goliati, khasu umalidziwa?"

"Ndimasema mipini yake," anatero Amosi.

"Mawa belu likalira ukhale pa gulu lopalira. Mzungu amawerenga misana, sawerenga nkhope. Chilindo chikhale mpaka munda ukololedwe. Tsiku lokolola, ndigwetsa."

Atachoka, Mayi Anesi anauza Teleza, maso ali kumbali: "Uwauze amuna ako kuti apeza thangata. Asanyade nayo."

Kuwerenga kunayamba. Chimanga ndicho chinkaonekera patali, ndipo a chipani cha Stewart anaimba nyimbo zothokoza. Nandolo anali wamfupi, wobisala m'udzu, koma Che Kasimu anagwada pansi n'kumupeza wochuluka ndithu. Kenaka panabuka mafunso amene konsitichushoni sinawaone. Kodi phando losamera ndi la yani? Njere yodyedwa ndi nankafumbwe, mwini wake waponya kapena sanaponye? Nanga phesi limene pusi wathyola? A Stewart anati chomera chiwerengedwe chikangotuluka m'dothi. Che Kasimu anati chomera chosabereka ndi udzu, choncho awerenge pokolola. Mayi aliyense akanawauza kuti chimanga chimakololedwa mvula ikangotha, pamene nandolo amadikira mpaka mphepo yachisanu itadutsa, koma amayi sankayankhula pamsonkhano.

Bwana wa ku boma anabwera Khirisimasi isanafike. Anakhala pakhonde la ofesi, anafunsa ngati pali wodandaula. A Stewart anadzuka, Che Kasimu n'kuwakoka malaya. Che Kasimu anadzuka, anthu a Stewart n'kukuwa kuti sanasankhidwe. Bwanayo anaona kuti anthu a pa esiteti ino alibe dandaulo, anamwa tiyi, n'kukwera galimoto. Chaka chimenecho atsikana ena a pamzere wathu anasenza mitolo kutsata amuna awo ku Nsabwe ndi ku Goliati. Mmodzi anali mwana wa mchemwali wanga. Mayi Anesi anamuperekeza mpaka pamlatho, atamusenzera mtondo. Sanadziyese kuti anapulumutsa wina aliyense koposa wawo.

Chimanga chitauma, a Dickson anabwera kudzakumbutsa za chilindo. Mayi Anesi anawalozera nandolo, amene anali atangoyamba maluwa. Nandolo atauma, anabweranso. Anapeza mitengo yake sinazulidwe, yangodulidwa m'chiuno kuti iphukenso ndi mvula, monga amachitira amayi a kwathu. Che Kasimu anati malinga nandolo ali chiimire, chisankho sichinathe. A Stewart anati ngati ndi choncho chimanga chidzalidwenso m'mapando omwewo, ndipo mlonda asasunthe. A Dickson anaima pakhomo la chilindo, akumva kulira kwa khanda mkatimo.

"Ndi mwana wanji?" anafunsa.

"Wamkazi," anatero Mayi Anesi.

"Ndiye basi, mwatigonjetsa," anatero a Dickson. Anaika ndodo pansi n'kupempha madzi akumwa.

Bungwe linakhalapo zaka zina zingapo, likukangana za munda uja. Silinathe ndi ndewu. Linatha tsiku limene Mayi Anesi anauza amunawo kuti msana wawo wakana, choncho aliyense wobwera ku msonkhano azibwera ndi mtolo wa nkhuni ndi chidebe cha madzi. Msonkhano wotsatira kunabwera anthu ochepa. Wotsatira wake kunabwera a Stewart ndi Che Kasimu okha, opanda nkhuni, n'kukhala pansi pa mango akukumbutsana mmene aliyense anapambanira.

Mayi Anesi anamwalira nkhondo yachiwiri isanayambe, m'chilindo momwemo, chimene pa nthawiyo chinali ndi zipinda zitatu. Ndi apongozi awo Amosi sanayang'anane m'maso mpaka tsiku lomaliza. Atamva kuti mphamvu zikutha, anaitana Teleza, Amosi ali pakhomo chotembenuka, adzukulu aakazi atatu ali pamphasa.

"Uwauze amuna ako," anatero, "kuti nandolo wa kuseriyo asadzamuzule. Sanamalize kumuwerenga."